Wandimanga Ndani?

Sewero la pawailesi

OSEWERA

A GAMA: bambo wazaka 54, ankaboola miyala pansi pa mgodi wa Trojan, makolo awo anachokera ku Ntcheu
A PHIRI: bambo wazaka 58, ankayang'anira mapampu amadzi pamgodi womwewo, makolo awo anachokera ku Dedza
NABANDA: mkazi wa a Gama
MUULUTSI

(Nyimbo ya sungura ikulira, kenako ikuzilala. Chikwanje chikumveka: khwa! khwa! khwa!)

MUULUTSI: Okondedwa omvera, lero tili ku Bindura, m'chigawo cha Mashonaland Central ku Zimbabwe, kumene ana ndi adzukulu a anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi akulankhulabe Chichewa. M'komboni ya mgodi wa Trojan muli nyumba ziwiri zogawana khoma limodzi. Eni ake anakanganapo za nkhuku, za mpopi, za chingwe choyanikira zovala. Nkhani ya lero ndi ya akuluakulu, choncho ana atumeni kaye kokatunga madzi.

(Chitseko chikutseguka mwamphamvu.)

PHIRI: Iii! Ndani ameneyo m'mawa uno? A Gama! Mwazungulira mutu kodi? Ikani chikwanjecho pansi!

GAMA: Ndisiyeni, a Phiri. Mpapaya uwu lero sugona.

PHIRI: Mpapaya wanga, wobzala ndekha, wothirira ndi madzi otsukira mbale a mayi akunyumba. Wakulakwirani chiyani?

GAMA: Mukudziwa nokha chimene munakwirira pansi pake.

PHIRI: Manyowa a nkhuku. Nkhuku zanu zomwe, zija zimadzasiya mphatso pakhonde panga tsiku lililonse.

GAMA: Sekani, sekani! Ine ndinapita kwa munthu wina cha ku Shamva. Anayang'ana pagalasi nkuona zonse. Anati amene wandimanga ali pafupi, ndi wamfupi, wadazi, ndipo ali ndi mtengo pamalire.

PHIRI: Wamfupi, wadazi. A Gama, imeneyo ndi theka la komboni ino. Zipewa za mgodi zinatimeta tonse. Inu nomwe mukavula kapusiyo dzuwa limathobwa anthu m'maso. Munalipira zingati?

GAMA: Madola 40 ndi tambala wakuda.

PHIRI: Hoo, n'chifukwa chake ndikugona bwino masiku ano. Nanga akuti ndakumangani pati? Miyendo mukuyenda nayo, pakamwa ndiye posayamba.

GAMA: (Motsitsa mawu.) Musachite ngati mwana. Tambala sakulira.

PHIRI: Alira bwanji poti munamusiya ku Shamva?

GAMA: Sindikunena wa nthenga! Ndikunena kuti m'nyumbamu zinthu zaima. Ine ndi make Tendai tasanduka munthu ndi mlongo wake.

PHIRI: (Mokweza.) Ohooo! Ndiye kuti kuchipinda kwavuta!

GAMA: Shhh! Mukufuna amve mpaka ku Chipadze? Tsitsani mawu, mfiti inu!

PHIRI: Pepani, achimwene. Zayamba liti?

GAMA: Chaka chatha chinkachita apa ndi apo. Tsopano ndi zii. Ine Mngoni weniweni, mdzukulu wa anthu a Gomani! Pogona tonde payenera kununkha, a Phiri. Ndiye munthu wa ku Dedza adzandichititse manyazi chonchi?

PHIRI: Ndikanakhala ndi mankhwala omangira munthu, ndikanayamba ndamanga pakamwa panu kalekale. Khalani apa pa chidebepa, ndikuzengeni mlandu. Mukapezeka osalakwa, mtengowo ndidula ndekha.

GAMA: Ine ndiye wodandaula, nanga ndikhale bwanji wozengedwa?

PHIRI: Khalani. Funso loyamba: usiku mumadzuka kangati kukataya madzi?

GAMA: Kamodzi.

PHIRI: Bodza. Khoma ili ndi lopyapyala. Chitseko chanu chimalira kuti kwiii cha m'ma 11, kwiii cha m'ma 1, kwiii cha m'ma 3. Mayi akunyumba anasiya kutchera alamu pafoni, amangowerenga maulendo anu.

GAMA: Ndiye mumakhala maso kumandisuzumira? Si ufiti umenewo?

PHIRI: Ufiti wake ndi mahinjesi opanda mafuta. Nanga ludzu?

GAMA: Ludzu ndi la aliyense. Bindura ndi kotentha.

PHIRI: Ngakhale mu June, anthu atafunda mabulangete awiri, inu mumagona ndi chigubu cha malita 2 kumutu. Nanga kuseri kwa chimbudzi kuja, kumene mumaimirira mukachita ulesi, mwaonako nyerere?

GAMA: Nyererezo mwatuma ndinu.

PHIRI: Nyerere sizitumidwa, zimatsata shuga. Ndakuonani mukumwa tiyi. Supuni imodzi, ziwiri, mpaka zisanu, kenako mumayang'ana uku ndi uku nkuponyamo yachisanu ndi chimodzi. Mukatakasa, supuni imachita kukanda pansi pa kapu. Kumapazi kumachita dzanzi?

GAMA: (Mwachinunu.) Nthawi zina. Koma ndi majombo a mgodi amenewo.

PHIRI: Majombo munavula mu 2023 mgodi utaima. A Gama, zonse mwavomerazi ndi zizindikiro za matenda a shuga. Sindikuti muli nawo, ine si dokotala, koma pakufunika kukabayitsa chala. Shuga akachuluka m'magazi amawononga timitsempha ta magazi, amawononganso minyewa imene imanyamula uthenga kuchoka kuubongo kupita kumusi kuja. Mutu ukuitana, koma uthenga ukufera panjira. Amuna oposa theka a odwala shuga amakumana ndi vuto limeneli, ndipo limawapeza msanga kuposa anzawo.

GAMA: Mwayamba liti udokotala? Munthu munathera moyo wanu wonse mukumanga masipanala pamapampu!

PHIRI: Mapampuwo ndiwo anandiphunzitsa. Madzi a pansi pa mgodi akakhala ndi matope, amayamba kutsekeka ndi ati, mapaipi aakulu kapena aang'ono?

GAMA: Aang'ono. Limenelo ndi funso?

PHIRI: Basi mwayankha nokha. Ntchito ya abambo ndi ya magazi. Munthu akalakalaka mkazi wake, mitsempha ya kumeneko imamasuka, magazi nkudzaza, nkukhala momwemo mpaka ntchito ithe. Tsono mitsempha yake ndi yopyapyala, milimita imodzi kapena ziwiri basi, pamene yodyetsa mtima ndi mamilimita 3 kapena 4. Mafuta akayamba kumata m'kati mwa mitsempha, yaing'onoyo ndiyo imayamba kukanika. Yamtima imabwera pambuyo. Kwa amuna ambiri, vuto la kuchipinda limatsogola ndi zaka 2 mpaka 5 matenda a mtima asanaonekere.

GAMA: Mukunditemberera tsopano? Poyamba mwandimanga, pano mukundiitanira maliro!

PHIRI: Ndikukuuzani kuti thupi lanu lakuchitirani chifundo, lakuchenjezani nthawi ikanalipo. Ena salandira n'chenjezo lomwe, amangogwa pamsika.

GAMA: Bambo anga anabwera kuno pa Mthandizi ali mnyamata. Anakwatira akazi awiri, mwana womaliza anabereka imvi zili mbuu. Sanayezetsepo shuga, sanamwepo piritsi.

PHIRI: Bambo anu ndinkawadziwa. Ankayenda wapansi mpaka kumtsinje wa Mazowe kukawedza, Loweruka ali kudimba, ndiwo zawo nkhwani ndi nyemba, mimba ili pamsana. Inu bwanji? Kuchoka pano kupita kumagolosale mumadikira kombi. Taimirirani. Onani lamba wanuyo. Mabowo a kufakitale anatha, awiri awa mwaboola ndi msomali.

GAMA: Imeneyi ndi mimba ya ulemu. Munthu wamkulu azioneka kuti amadya.

PHIRI: Zala zakumapazi munaziona liti komaliza musanawerame? Mafuta a pamimba amatsitsa mphamvu ija madokotala amati testosterone, imene imapatsa mwamuna chilakolako. Imatsika kale yokha pang'onopang'ono munthu akamakula, ndiye inu mukuikankhiranso kuphompho. Mafuta omwewo ndiwo amaitana shuga ndi BP.

GAMA: BP yanga ndi inu. Ndikangomva mukutsokomola kuseri kwa khoma, imakwera.

PHIRI: Ndiye kuti muli nayo! Mapiritsi mukumwa?

GAMA: Anandipatsa kukiliniki kalekale. Ndinamwa miyezi iwiri, mnzanga wina kubawa anati amenewo ndiwo amapha mphamvu za abambo. Ndinaponya m'chimbudzi.

PHIRI: Mayo ine! Safunsa anadya phula. Mnzanuyo ananena theka la zoona. Alipo mapiritsi ena a BP, monga HCT ndi atenolol, amene kwa amuna ena amafooketsadi. Ena a matenda a nkhawa nawonso amatero. Koma mankhwala a BP si amtundu umodzi. Ukawauza adokotala, amatha kukusinthira. Tsono inu mwataya mapiritsi, BP mwatsala nayo, ndipo BP yosasamalidwa imalimbitsa mitsempha ija mpaka kuuma. Mwathawa chiyani pamenepa?

GAMA: Ndikanayamba bwanji? Nesi wake mwana wamng'ono, msinkhu wa Tendai. Ndimuuze kuti mwanawe, kuchipinda kwagwa chilala?

PHIRI: Anaphunzira zomwezo, amazimva tsiku ndi tsiku. Mukachita manyazi pemphani wachibambo. Wobisa matenda maliro amamuulula.

(Machesi akukhwatchidwa.)

PHIRI: Taonani! Tikukamba zomwezi, munthu akuyatsa.

GAMA: Kamodzi kokha, kotsitsira mtima.

PHIRI: Kamodzi kachingati chiyambire m'mawa? Zala ziwirizi zinasanduka zachikasu, nyuzipepala simuwerenga, mumangopichirira fodya. Utsi umenewo umafinya mitsempha nthawi yomweyo, ndipo pakapita zaka umaiwononga m'kati. Mwa zonse tatchulazi, fodya ndiye mdani amene mumagula ndi ndalama zanu.

GAMA: Chigawo chonse chino chimadya za fodya. Pitani ku Mount Darwin, pitani ku Centenary, ndi zigafa zokhazokha. Ndikasiya, alimi adya chiyani?

PHIRI: Alimi akugulitsa ku China, sakudikira inu. Nanga mowa?

GAMA: Apo pokha musafikepo. Mngoni wosamwa mowa ndi Mngoni wanji? Ndiponso mowa umachotsa manyazi, umapatsa munthu mtima.

PHIRI: Mtima umapatsadi, koma zida umalanda. Lachisanu lapitali munabwera mukuimba nyimbo za Macheso kuyambira kugeti, mukulonjeza komboni yonse kuti lero kunyumba aona. Titamvetsera, mkonono. Munagona pakhonde, nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja.

GAMA: Ndinali wotopa.

PHIRI: Zigubu zinayi za Chibuku, pamwamba pake kachasu. Mowa wambiri umagonetsa ubongo usiku womwewo, ndipo ukakhala wa tsiku ndi tsiku umawononga minyewa ndi chiwindi, mphamvu zachimuna nkutsika.

GAMA: (Akupuma mozama.) Nanga ndisamwe bwanji, a Phiri? Mgodi unaima mu 2008, tinapirira, unadzatsegulidwa. Waimanso mu 2023. Ndapita ku mgodi wa Freda Rebecca, ndapita ku Shamva, ntchito sindinaipeze. Tendai ali ku yunivesite ya Bindura, fizi ikufunika. Ukapeza kandalama ka ZiG, wogulitsa akufuna madola a ku America. Kumudzi ku Ntcheu sindikudziwako ngakhale njira, ndife matchona. Ndikagona, mutu umangowerengera ngongole.

PHIRI: Apo mwalankhula ngati munthu wamkulu. Nkhawa nayo ndi chifukwa chachikulu. Munthu wodera nkhawa thupi lake limakhala lokonzekera kuthawa kapena kumenya nkhondo, magazi sapita kumene mukuwafunako. Tsono zikakanika kamodzi, mawa lake umalowa m'nyumba ndi mantha kuti zikanikanso, ndipo manthawo ndiwo amakanikitsadi. Tulo tochepa natonso timafooketsa, ife a mashifiti a usiku tikudziwa. Ndikufunseni mwaulemu: m'bandakucha, musanadzuke, thupi limadzionetsa lokha nthawi zina?

GAMA: A Phiri! Funso limenelo ngakhale ankhoswe anga sanandifunsepo!

PHIRI: Adokotala akakufunsani, konzekeranitu. Ngati m'mamawa zimatheka koma pa nthawi yake nkukanika, kawirikawiri vuto limakhala la maganizo. Ngati zinazilala pang'onopang'ono mpaka ndi m'mamawa momwe, amayang'ana kwambiri mitsempha, shuga ndi zina za m'thupi. Ambiri a msinkhu wathu zimakhala zonse ziwiri.

GAMA: Ambiri? Mukutanthauza kuti si ine ndekha?

PHIRI: Mumayesa ndinu wosankhika? Ku America, m'chigawo cha Massachusetts, anafufuza amuna azaka 40 mpaka 70, zotsatira zake zinatuluka mu 1994. Anapeza kuti 52 pa 100 alionse anali ndi vutoli, ena pang'ono, ena kwambiri.

GAMA: Azungu?

PHIRI: Anthu a ku America, amene sanandionepo ine kapena mtengo wanga.

GAMA: Ndiye kuti kubawa kuja, tikakhala anthu khumi...

PHIRI: Werengani nokha. Ndipo samalani ndi amene amafuula kwambiri za ukatswiri wake.

GAMA: (Akuseka pang'ono, kenako akuleka.) Ayi, musandinyengerere. Ine mankhwala ndapeza kale. Taonani.

(Pepala likufunyululidwa.)

PHIRI: Chimenechi n'chiyani? Timapiritsi tabuluu m'kachidutswa ka nyuzipepala, topanda bokosi, topanda dzina. Ichi chaufa?

GAMA: Vhukavhuka. Ichi ndi gondolosi, anabwera nacho wa basi ya ku Blantyre. Mapiritsiwa ndagula kwa mnyamata wina parenki, atatu dola imodzi. Akuti ndimwe onse pamodzi ndi kachasu pang'ono kuti ayende msanga.

PHIRI: Ayendadi msanga, kukusiyani kumanda. Mverani. Mankhwala enieni a vutoli alipo. Dzina lake sildenafil, ambiri amawadziwa kuti Viagra, anayamba kugulitsidwa mu 1998. A kampani ya Pfizer ankawayesa ngati mankhwala a mtima, ndiye amuna oyesedwawo nkuona kuti akugwira ntchito kwina. Amamasula mitsempha, n'chifukwa chake amathandiza ambiri. Koma munthu amene akumwa mankhwala a kupweteka kwa pamtima, aja ena amaika kunsi kwa lilime, akaphatikiza ndi amenewa BP imagwa mwadzidzidzi, akhoza kufa. Ndiye pafunika adokotala ayambe aona mtima wanu, akulembereni mlingo, mukagule kufamase. Kuno kuli bungwe la MCAZ loona kuti mankhwala ogulitsidwa ndi ovomerezeka. Mnyamata wanu wa parenkiyo analembetsa kumeneko?

GAMA: Ali ndi chikwama chabwino.

PHIRI: Chikwama! M'kati mwa piritsilo mukudziwa muli chiyani? Mwina choko, mwina mlingo wa anthu atatu. Maufa enawa amati ndi zitsamba, koma ena amasakanizamo mapiritsi omwewo osakuuzani. Ndipo zikadzuka nkukana kugona kupitirira maola 4, imeneyo si mphamvu, ndi ngozi. Kuthamangira kuchipatala, apo ayi ziwonongekeratu.

GAMA: Maola 4! Ine ndikupempha mphindi zochepa chabe.

PHIRI: Ngakhale atakhala enieni, piritsi silichotsa shuga, silitsitsa mimba, silizimitsa fodya. Likhoza kukusangalatsani usiku umodzi matenda akupitirira kudya m'kati.

GAMA: Taimani kaye. (Pang'onopang'ono.) Mamilimita, Massachusetts, maola 4. Munthu wa Sitandade 6 mwazidziwa bwanji zonsezi? Aaa! A Phiri! Tandiyang'anani m'maso.

PHIRI: M'maso mwanu muli chiyani?

GAMA: Nanunso! Nanunso munagwa mu mpapaya!

PHIRI: Shhh! Tsitsani mawu!

GAMA: (Mofuula.) Lero mawu atsike? Anthu a m'komboni, tamverani kuno!

PHIRI: A Gama, ndikubwezerani wilibala yanu lero lomwe, khalani chete.

GAMA: Ndi fosholo yomwe.

PHIRI: Ndi fosholo yomwe. Inde, zinandipeza. Ndinayamba ndakwiyira mayi akunyumba, ndinkati andidyetsa khuzumule. Iwo ankalira, ankati ndapeza wina ku Chiwaridzo. Tsiku lina ndinachita chizungulire pamzere wa chigayo, anandinyamula. Atandiyeza, shuga ali m'mwamba, BP ili m'mwamba. Dokotala wake anandifunsa yekha za kuchipinda, ine thukuta kamukamu. Anandikhazika pansi nkundifotokozera zonse ndakuuzanizi.

GAMA: N'chifukwa chake mumazungulira bwalo la mpira m'mamawa mutavala kabudula? Ine ndinkati mukutola zizimba.

PHIRI: Mphindi 30, masiku 5 pa sabata, kuyenda mwandawala mpaka thukuta. Tiyi wopanda shuga. Nsima ndinachepetsa, masamba ndinachulukitsa. Fodya ndinasiya, mapiritsi a shuga ndimamwa osadumphitsa.

GAMA: Nanga zinabwerera?

PHIRI: Simumva wailesi yanga ikukwera Loweruka usiku?

GAMA: Haa! Ine kumagogoda khoma kuti muchepetse phokoso, osadziwa kuti kuli chikondwerero!

PHIRI: Sindinabwerere ku unyamata, ndisakunamizeni. Zinatenga miyezi, ndipo mayi anandithandiza kwambiri titakambirana. Inu mwawauza make Tendai?

GAMA: Zimenezi sauza mkazi. Ndimangoti msana ukupweteka.

(Zenera likutseguka.)

NABANDA: Msana umenewo, abambo a Tendai, wapweteka chaka chonse, koma zigubu za mowa mumanyamula ziwiriziwiri.

GAMA: Mayo! Make Tendai, mwadzuka nthawi yanji?

NABANDA: Chikwanje choyamba chija. Mwadzuka bwanji, a Phiri?

PHIRI: Ndadzuka bwino, alamu, kaya inu?

NABANDA: Lero ndadzuka bwino kwambiri. Ine ndakhala ndikuonda ndi maganizo. Ndinkati mwina ndakalamba, mwina ndanyansa, mwina kuli kamtsikana kwinakwake. Mpaka ndinakadandaula kwa amayi a Mvano kuti andipempherere. Kani ndi matenda? Bwanji osanena, bambo?

GAMA: Ndinkaopa kuti mundiseka.

NABANDA: Ndinakusekani pamene munabwera ndi malipiro a mwezi wonse osakwana kugula buledi mu 2008? Ndakubalirani ana anayi. Chimene chikanandipweteka ndi kukutolani mutagwa pamsewu chifukwa cha manyazi. Tambala wanga wakuda ali kuti?

GAMA: Anadyedwa ndi... ndi vumbwe.

PHIRI: Vumbwe wake wa ku Shamva, ali ndi galasi.

GAMA: A Phiri, ndinu munthu woipa.

NABANDA: Za tambala tikambirana madzulo. Bweretsani kanyuzipepalako, kapite m'chimbudzi. Madzi ndatenthetsa kale, kasambeni. Tiyi musamwe, mwina akafuna kukuyezani musanadye kanthu.

GAMA: Tsiku lonse osamwa tiyi? Ndifa ndisanafike.

PHIRI: Simufa. Tiyambira kukiliniki, akaona kuti n'zazikulu atitumiza ku Bindura Provincial Hospital. Ndikuperekezani. Mnzako akapsa ndevu mzimire.

GAMA: Kombi mulipira ndinu, poti nzeruyi ndi yanu.

PHIRI: Kombi yanji? Tiyenda wapansi mpaka kumsewu waukulu. Mankhwala ayambira pomwepo.

GAMA: Wapansi? Ine? Anthu aziti chiyani akationa tili limodzi?

PHIRI: Aziti kwagwa maliro. Ndipo mukafika musakayambe ndi nkhani ya msana. Mukanene zonse: usiku, ludzu, dzanzi, mapiritsi munataya aja, ndi za kuchipinda.

GAMA: Mukalowe nane, mukayambe ndinu kunena.

PHIRI: Ndikanene za kuchipinda kwanu ine? Ndimagonako?

GAMA: Poti mumamva zonse pakhoma!

NABANDA: Ndikalowa nawo ndine. Inu awiri mukangofika pa geti muziyamba mwapuma, kukangana kumakweza BP.

GAMA: Mwamva, a Phiri? Akuti muzikhala chete.

PHIRI: Akunena inu.

GAMA: Akunena wamfupi wadazi.

(Mawu awo akuzilala akukanganabe. Nyimbo ya sungura ikukwera, kenako ikutsika.)

MUULUTSI: Mwawamva a Gama ndi a Phiri. Abambo amene mukumvera, kufooka kuchipinda mukadutsa zaka 40 kawirikawiri kumachokera ku shuga, BP, mafuta m'mitsempha, fodya, mowa, kunenepa, nkhawa kapena mankhwala ena amene mukumwa, ndipo zambiri mwa zimenezi zili ndi chithandizo. Musaloze chala mnansi, musakwiyire mayi a kunyumba, musagule mapiritsi a m'thumba, ndipo musasiye mankhwala a kuchipatala musanafunse adokotala. Vutoli likatha miyezi ingapo, pitani mukayezetse shuga, BP ndi mtima. Nanu amayi, aperekezeni abambo mwaulemu. Tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino.